Ndamaliza Kubweza, Bwana, Nanga Khadi la Golideli Ndilitani?

Makwasa, Thyolo
Malichi 2006

Kwa Bwana Mkulu Woona za Chimwemwe cha Makasitomala,
Kampani ya Tengani Lero Mulipira Mawa,
Limbe.

Bwana wanga wolemekezeka,

Kalatayi ndinaiyamba nditagwada, monga ayenera kuchitira munthu wamba polankhula ndi akuluakulu a ku Limbe. Koma maondo akana kukhazikika, ndiye ndakhala pampando, ndipo mapazi akuvina okha pansi pa tebulo. Mukaona zilembo zina zapendekeka musati ndaledzera. Pakhomo pano ndi pa Sabata, ngakhale thobwa logonetsa sitililola. Chandiledzeretsa ndi chimwemwe. Ndamaliza, bwana! Ngongole ya khadi lanu lachikasu ija ndabweza yonse, mpaka tambala yomaliza.

Ndikudziwa kuti dzina langa simulidziwa, pakuti kwa inu ndine nambala yaitali ija yolembedwa pa khadi. Amayi anga ananditcha Everson Mukhova. Ndimatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Makwasa. Kwathu ndi ku Goliati, koma ndinakwatira kuno, kotero ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, malata ndinakhoma ndine, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo ndi la akazi anga a Betty ndi amayi awo. Inu a m'tauni mwina simudziwa: kuno banja likatha, wonyamula chikwama ndi mwamuna. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala chifukwa makalata anga ena aja akuoneka kuti amatsikira pa Bvumbwe kukagula mbatata, kwa inu safika.

Loleni tsono ndiyale zothokoza zanga.

1. Zikomo chifukwa cha a Nathaniel, bambo wanu wa tayi uja, amene munatitumizira zaka zitatu zapitazo. Munthu wodziwa nyengo ameneyo! Anabwera mu Januwale, mvula ili pachimake, tiyi akuphuka usiku umodzi, madengu akulemera, malipiro atanenepa. Anaika tebulo lake pafupi ndi sikelo, pomwe timapimitsa masamba, nayatsa chimkuzamawu. Anatiuza kuti khadi si ngongole ayi, ngongole ndi ya kwa akatapila, ili ndi mwayi. Anatinso munthu wa khadi salankhula za mtengo m'sitolo, amangoloza ndi chala. Chipepala chanu chinali cha Chingerezi, masamba anayi a tizilembo tonga nyerere, koma a Nathaniel mwaluso lawo anachimasulira chonse m'mawu awiri okha: "Sainani apa." Ndinasaina. Mwezi wa Julaye, tiyi atauma, tinawayang'ana kumsewu a Nathaniel kuti mwina atifotokozere masamba anayi aja. Mpaka lero sanabwerenso. Muwapatse moni.

2. Zikomo chifukwa cha katundu. Loweruka sindikanapita, ndi Sabata, ndiye ndinapempha tchuthi Lachisanu, ndinakwera minibasi, ndinalowa m'sitolo yanu ndi kuyamba kuloza ndi chala monga anandiphunzitsira. Chala changa chija sichinaonepo ulemu wotere chibadwire. Chinaloza njinga, njinga inabwera. Chinaloza wailesi ya makaseti awiri, yodya mabatire asanu ndi atatu pa sabata, inabwera. Chinaloza wotchi yapakhoma yoimba nyimbo ola lililonse. Kenako, pofuna kuti apongozi anga adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamasewera, chinaloza bokosi la makapu a tiyi, amaluwamaluwa, ndi tipoti yake yomwe. Ndinafika nazo kunyumba chifuwa chili patsogolo. Apongozi analandira ndi manja awiri, anatsegula, anayang'ana, nandikumbutsa mwaulemu kuti iwo ndi a Sabata chibadwire ndipo tiyi sanamulawepo. Ine ndinalowa mpingowu chifukwa cha ukwati, zina ndimaiwala. Lero m'tipoti muja amasungiramo mbewu ya nandolo.

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha masamu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo aphunzitsi athu anatinamiza kuti ukachotsera, chinthu chimachepa. Inu mwandiwongola. Mwezi ndi mwezi mumadula pa malipiro anga ndisanawaone n'komwe, ndipo mwezi ndi mwezi ngongole imakula. Ndinayamba ndadabwa, kenako ndinayamba kunyadira. Palibe chimene ndinabzalapo chikukula chonchi. Mbuzi zanga zimafa, nthochi zimagwa ndi mphepo, koma ngongole yanu sinadwalepo ngakhale chimfine. Wotchi inasiya kuimba chaka choyamba chomwe. Wailesi inatafuna kaseti ya kwaya ya apongozi n'kutseka pakamwa. Njinga ndinagulitsa kuti ndigule chimanga. Koma zonsezi ndinapitiriza kuzilipira mokhulupirika, monga munthu wolera ana a m'bale wake.

Chimene ndinasirira koposa ndi chakuti chiwongoladzanja chanu sichidziwa chiperoni. Kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba tiyi amagona, munthu uyenda mzere wonse dengu lili pululu, ena amawaimitsa ntchito. Inu simunaime. Munkadula chimodzimodzi ngati mu Januwale. Pano ndisiye kaye nthabwala, bwana. Unalipo mwezi wina umene ndinabwera ndi envulopu ya malipiro, a Betty anaitsegula, anayang'anamo, anatenga kambale n'kupita kwa aneba kukapempha mchere. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo. Mawa lake ndinalira pakati pa tiyi, nkhope nditaibisa m'masamba kuti anzanga aziti ndi mame.

4. Zikomo chifukwa cha makalata ofiira. Munthu wosauka salandira makalata kawirikawiri, koma ine ndinasanduka munthu wotchuka ku ofesi ya esiteti. Akalaliki amaitana dzina langa mokweza pamzere, anthu onse akumva. Ndinakondwa kwambiri nditazindikira kuti kalata iliyonse yondikumbutsa ngongole mumandilipiritsa ndine, ndipo mtengo wake mumauwonjezera pa ngongole yomweyo, kuti mwezi wamawa mukhale ndi chondikumbutsanso. Amene anaganiza zimenezi mumukweze pantchito.

Kalata yofiira ina inafikira m'manja mwa a Betty. Sanalalate. A Betty akalalata ndiye kuti zinthu zili bwino. Anaitanitsa ankhoswe, anayala mphasa, anatulutsa chikwama changa chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Goliati, anachipukuta fumbi bwinobwino n'kuchiika pakati. Mawu awo ndikuwakumbuka onse: "Abambo a Joy, ine sindinakwatiwe ndi khadi. Mvula ikubwerayi ikatha ngongoleyi isanathe, kapena kalata ina yofiira ikadzalowanso pakhomo pano, chikwama ndi ichi, msewu wa ku Goliati mukuudziwa." Ankhoswe a kwathu anayang'ana pansi. Chikwama chija sichinabwererenso pansi pa bedi. Chimakhala kuseri kwa chitseko, ndimachiona polowa ndi potuluka.

5. Tsopano ndikuuzeni mmene ndinatulukira, chifukwa ndikudziwa kuti ku ofesi kwanu mitu yaima. Pa gulu lathu lotchola tili ndi mayi wina dzina lawo a Lestina. Ndi aafupi, koma akatsegula pakamwa ngakhale akapitawo amayang'ana kumbali. Nawonso ali ndi khadi lanu, anagula makina osokera opanda singano yake. Kunena zoona, gulu lonse lili ndi makhadi. A Nathaniel sanasiye munthu.

Tinayesapo chipereganyu cha ndalama, choti mwezi uno tisonkhere uyu, mwezi wamawa uyo. Chinafa chisanakwawe. Inu simunaimepo pa geti ya esiteti tsiku lamalipiro. Pamakhala akatapila ndi zibonga zawo, a kaunjika, a usipa, alamu ako amene mwana wawo wadwala lero lomwe, ndi wina wobwera ndi uthenga wa maliro. Ndalama ikangofika m'manja imapeza abale ambiri, ndipo pofika pamene tinagwirizana kukumana aliyense amangotambasula zikhatho.

Tsiku lina tikudya phala la masana, a Lestina anati popeza ndalama ili ndi miyendo, tisonkhe chinthu chimene mlamu sangabwereke. Tinafunsa kuti chiyani. Analoza dengu. Mwina simudziwa kagwiridwe ka ntchito yathu, bwana, poti tiyi mumakumana naye ali kale m'kapu. Munthu aliyense ali ndi makilo ake a tsiku amene ayenera kukwanitsa kuti alembedwe kuti wagwira ntchito. Akapyola pamenepo, makilo apamwambawo amalipidwa padera, ndipo nthawi ya mvula ndi pamene pali phindu. Nzeru ya a Lestina inali yakuti aliyense akakwanitsa za tsiku, masamba apamwambawo azikhuthulira m'dengu la munthu mmodzi, apimidwe pa nambala yake, ndipo munthuyo akasaine kwa akalaliki kuti ndalama yonse ya makilo apamwamba izipita kwa inu isanadutse pa geti. Akamasuka ameneyo, tigwire wina. Esiteti siluza tsamba ngakhale limodzi, ndiye akapitawo anangoti iwo maso awo amavuta pa dzuwa.

Posankha woyamba sitinachite maere. A Lestina anangofunsa kuti ndani amene nyumba yake ikuyaka kwambiri, ndipo gulu lonse linatembenukira kwa ine. Nkhani ya chikwama inali itafika kale kumunda ine ndisanaifotokoze.

Bwana, mukanaona! Kuyambira Disembala, dengu langa limapita ku sikelo ngati basi ya pa Khirisimasi. Ndikhuthula, ndibwerera, ladzaza kale. Amayi okalamba, misana ikuwawa, kubwera ndi timanja tawo ta masamba n'kuponya m'dengu langa akunditukwana mwachikondi kuti ndisadzagulenso makapu. Mbiri inafika mpaka kwa bwana manijala kuti kwabuka katswiri wotchola ngati anthu khumi. Anabwera pa njinga yamoto kudzandiona. Anagwira manja anga, anawatembenuza uku ndi uku, anawerenga zala, anapukusa mutu n'kubwerera.

6. Zikomo chifukwa cha kapepala ka mwezi wathawu. Akalaliki anaitana dzina langa monga mwa masiku onse. Envulopu inali yoyera. Ndinatsegula, ndipo pamalo pamene nthawi zonse pamakhala nambala yonenepa panali ziro. Ziro, bwana! Sindinadziwe kuti chinthu chopanda kanthu chingakongole chonchi. Ndinawapatsa akalaliki kuti awerenge, anati ziro. Ndinawapatsa alonda, anati ziro. Ndinamuonetsa ngakhale galu wa ku fakitale.

Zimene zinachitika kenako sindikuzikumbuka bwino, koma mboni zikuti ndinavina tchopa pakhonde pa ofesi, dengu lili kumsana, a Lestina akuimba ng'oma pa ndowa, gulu lonse likuwomba m'manja. Adikoni a mpingo wathu amadutsa. Nkhani ya kuvina kwangayi akuti ikambidwa kumpingo, koma sindikudandaula, ndikavinanso pomwepo akandifunsa mmene zinakhalira. Ndinathamanga mpaka kunyumba, ndinapereka moni kwa nthochi, ndinapepesa mbuzi. A Betty anawerenga kapepala kaja kawiri, anakapinda, anakaika m'Baibulo. Madzulo ake anapha nkhuku, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zitatu anaseka nthabwala yanga. Nthabwalayo sinali yoseketsa n'komwe. Chikwama anachichotsa kuseri kwa chitseko n'kuchikweza pamwamba pa kabati.

7. Ndipo pamene ndimati chifundo chanu chathera pomwepo, sabata yatha kwafika envulopu ina, yolemera, yonunkhira. Mkati muli khadi la golide! Lonyezimira moti nkhuku zimalijompha. Kalata yake, monga anandimasulira aphunzitsi a Joy, ikuti mwaona kuchuluka kwa ndalama zimene ndakhala ndikutumiza, mwazindikira kuti ndine munthu wa chuma, ndipo mwandikweza kukhala kasitomala wapamwamba. Tsopano chala changa chikhoza kuloza katundu wochuluka kasanu kuposa kale. Ine, Everson, amene nsapato zanga zamvula ndinamata ndi chubu cha njinga! Ndinaseka mpaka misozi. Mwalemekeza manja a anthu khumi ndi awiri pa munthu mmodzi, ndipo m'malo mwa onsewo ndikuti zikomo.

Koma aphunzitsi anapitiriza kuwerenga mpaka kumunsi, kwa tizilembo tonga nyerere kuja. Akuti khadi la golide lili ndi ndalama yolisungira, yodulidwa mwezi uliwonse, kaya ndagula kanthu kaya ayi. Akuti iyamba kumapeto kwa mwezi uno. Akutinso malipiro akapanda kukwana, yotsalayo isanduka ngongole, ndipo ngongoleyo ibala chiwongoladzanja, ndipo mudzandikumbutsa ndi kalata. Mtundu wa kalatayo ndikuudziwa.

Vuto lake ndi ili, bwana. Katswiri uja anatha. Tsopano ndi nthawi ya a Lestina, ndipo ine ndi amene ndikukhuthulira m'dengu lawo, ndi mtima wonse, mpaka gulu lonse litamasuka. Envulopu yanga ikhala ya makilo a tsiku basi, ndipo tiyi watsala pang'ono kugona. Mukadula ya golideyo, sikwana. Ndikasiya kukhuthulira anzanga kuti ndikulipireni inu, ndine wakuba, ndipo sindingayendenso pa mzere umodzi ndi amayi aja. Ndikapitiriza, kalata yofiira ilowa pakhomo. A Betty khadi la golide aliona. Angotsitsa chikwama pa kabati paja.

8. Pomaliza, zikomo chifukwa cha ulendo wa ku Limbe. Lachiwiri ndinataya tsiku la ntchito, ndinabwereka ndalama ya minibasi, ndinabwera kudzabweza khadi lanu ndi manja awiri. Ofesi yanu ndi yokongola, muli mphepo yozizira ngati Thyolo wa mu Juni, ndipo mipando yake ndinaidziwa bwino chifukwa ndinakhalapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pa windo loyamba anandituma pa windo lachitatu. Wa pa windo limenelo anali atapita kukadya. Atabwerako anandiuza kuti khadi lachikasu silingatsekedwe chifukwa linasanduka la golide, ndipo la golide silingatsekedwe chifukwa sindinayambe kuligwiritsa ntchito. Anandilangiza kuti ndigule kaye kanthu kakang'ono, kaya wailesi. Ndinafunsa za inu, anati muli mu msonkhano wokambirana za chimwemwe chathu.

Kunja kukuda, mayi wina wa pa windo lakumapeto anandimvera chisoni. Anasanthula m'madirowa onse, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti: "Bambo, musavutike. Fomu yotsekera khadi la munthu wamoyo kuno kulibe. Ilipo ndi ya omwalira basi, imeneyo ndiye timatseka tsiku lomwelo, kwaulere."

Ndipo mayiyo sananame, ndine mboni. Mnzanga Fabiano, amene tinatchola naye mzere umodzi zaka zambiri, anatisiya mu Seputembala, chifuwa. Khadi lake munalitseka sabata yomweyo, mutatapa kaye zanu pa ndalama ya chipepeso imene esiteti inapereka kwa mkazi wake. Sanakwere minibasi, sanakhale pa mipando yanu, palibe anamuuza kuti agule kaye wailesi. Pa gulu lathu lonse, ndi yekhayo amene munamumasula popanda kumuyendetsa.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, bwana, ndipo ndagwadanso polilemba. Sindikupempha kuti musinthe malamulo anu, ndine yani ine. Ndikungopempha kuti mundilembe m'gulu la omwalira mwezi uno usanathe. Sindikuvutitsani ndi kanthu. Nkhata musagule, galimoto musatumize, a Nathaniel asavutike kubwera kudzalira. Fomuyo akuti imafuna saini ya mkazi wamasiye ndi ya mboni imodzi. A Betty ati asaina ndi manja onse awiri, a Lestina ati umboni apereka mokweza, ndipo ine malemu ndidzabwera nayo ndekha ku Limbe kuti musawononge sitampu.

Mukamatumiza fomuyo, chonde tumizani zambiri. Gulu lathu lonse lagwirizana kuti tizimwalira mmodzimmodzi, mwadongosolo, aliyense ikakwana nthawi yake. Njira imene anatulukira Fabiano taiona, ndipo tikudziwa kuti imagwira ntchito. Tikungopempha, ngati sikukuvutani, kuti ife mutichitire chifundo chomwecho tikadali kupuma.

Ndine wanu wodzichepetsa, wosakongola kanthu kwa munthu aliyense mpaka pa 31,

Everson Mukhova,
wotchola tiyi, mwamuna wa a Betty,
malemu mukangovomera.